Malo a Galu Pakhomo pa Mkhristu

Usiku ku Nancholi, malo omwera mowa akatseka ndipo maminibasi akaleka kuyenda mumsewu wa ku Chikwawa, mawu omwe amatsala ndi a agalu. Mmodzi akauwa kumunsi, anzake amamuyankha mpaka ku Manase ndi ku Baluti. Agalu amenewa sadagwe kumwamba. Ambiri mwa iwo ali ndi khomo lomwe amabwererako kukacha, ali ndi dzina, ndiponso ali ndi mwini wake amene Lamulungu amasamba, kuvala bwino n'kupita ku Misa.

Pakati pa akhristu omwewa pali maganizo awiri. Ena akaona pa kanema mzungu akupsompsona galu, kumuveka juzi kapena kumulira atafa, amaseka n'kunena kuti anthu akakhuta amasowa chochita. Kwa iwo galu ndi galu basi: malo ake ndi panja, chakudya chake ndi mkute. Ena, makamaka achinyamata ndi omwe adakhalako ku Joni kapena ku Ulaya, akaona nthiti za agalu a m'makwalala a Blantyre amagwidwa chisoni, n'kumati Amalawi alibe chifundo. Mbali iliyonse imaona ngati inzake mutu sukuyenda bwino. Nkhaniyi ingaoneke yaing'ono, koma m'kati mwake muli funso lalikulu: kodi chikondi cha munthu chili ndi dongosolo lake? Nanga dongosololo likasokonekera, amavutika ndani?

Ubale wakalekale

Makolo a Achewa adali ndi nthano yofotokoza chiyambi cha ziweto. Amati Chauta, mwamuna, mkazi ndi nyama zonse adatsikira pa Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, ndipo ankakhala limodzi mwamtendere. Tsiku lina munthu adapekesa timitengo tiwiri mpaka moto udabuka n'kugwira tchire. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, ndipo chiyambire tsiku limenelo zina zimaopa munthu, zina zimamusaka. Koma galu ndi mbuzi, m'malo mothawira kuthengo, adathamangira kwa munthu yemweyo kuti awatchinjirize. Nthanoyi ili ndi phunziro lozama. Chiweto ndi nyama yomwe idaika moyo wake m'manja mwa munthu. Fisi amadziyang'anira yekha, pomwe galu adausiya moyo umenewo. Amene adamulandira pakhomo adalandiranso udindo.

Akatswiri ofukula zakale amavomereza kuti ubalewu ndi wakale kuposa ulimi weniweniwo. Mu 1914, ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anthu ophwanya miyala adapeza manda a zaka pafupifupi 14,000. M'mandamo mudali mwamuna, mkazi ndi kagalu. Patapita zaka zambiri, akatswiri atapima mano a kagaluko, adapeza kuti kadadwala matenda oopsa kwa masabata angapo, matenda oti sikakadapirira nawo popanda munthu wokapatsa madzi ndi chakudya. Kagalu kodwala sikangasake nyama kapena kulondera. Komabe wina adakasamalira. Ku Cyprus nako kudapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe mphaka adaikidwa pambali pa munthu. Choncho kukonda chiweto sikudabwere ndi ma TV kapena ndi chuma cha masiku ano.

Chifukwa chiyani anthu amaweta?

Chifukwa choyamba ndi ntchito. Kumudzi galu ankapita ku uzimba ndi alenje, ankathamangitsa anyani m'munda ndi kuchenjeza fisi akayandikira khola. Mphaka ankateteza nkhokwe ku makoswe. M'tauni muno uzimba kulibe, koma mbava zilipo, ndipo banja lomwe silingakwanitse mlonda kapena mpanda wanjerwa limagona tulo chifukwa cha galu. Makolo adaiona nzeru ya nyamayi mpaka adaiika m'mwambi woti galu wamkota sakandira pachabe.

Koma ntchito yokha siyifotokoza zonse. Nkhuku ili ndi phindu lalikulu, koma ndi anthu ochepa omwe amaipatsa dzina. Galu amapatsidwa dzina: Bruno, Tiger, Simba, Poizoni. Kumidzi ena ankapatsa galu dzina lokhala ndi uthenga wopita kwa mnansi wamiseche, kuti akamamuitana mokweza mawu mnansiyo amve zomwe mwini wake sangathe kunena maso ndi maso. Nyama yomwe yapatsidwa dzina yalowa kale m'mbiri ya banja. Anyamata a ku Ndirande ndi ku Bangwe omwe amaweta nkhunda amadziwa iliyonse payokhapayokha, ndipo imodzi ikasowa chakudya sichilowa. Mwana amene amakana kuti kalulu wake aphedwe pa Khrisimasi sadaphunzire zimenezo kwa mzungu.

Chifukwa chachitatu ndi chomwe anthu sakonda kuvomereza: kusungulumwa. Galu safunsa ngati munthu walandira malipiro kapena wachotsedwa ntchito. Amagwedeza mchira chimodzimodzi. Ku Japan anthu adamanga chipilala cha galu wotchedwa Hachiko, amene mbuye wake, mphunzitsi wa pa yunivesite ku Tokyo, adamwalira mwadzidzidzi mu 1925. Galuyo adapitiriza kupita pa siteshoni ya sitima ya Shibuya kukamudikira mpaka iye mwini adafa mu 1935. Anthu amakhudzidwa ndi nkhaniyi chifukwa amalakalaka kukhulupirika kotere, ndipo nthawi zambiri sakupeza mwa anthu anzawo.

Buku la Genesis, mutu 2, limaulula mbali zonse ziwiri za nkhaniyi. Mulungu ataona kuti si bwino munthu akhale yekha, adamubweretsera nyama zonse kuti azitche mayina. Munthu adazitcha, komabe pakati pa zonsezo sipadapezeke mnzake womuyenera. Nyama zili pafupi ndi munthu mokwanira kuti azipatse mayina, koma sizingathetse njala yake yofuna munthu mnzake.

N'chifukwa chiyani mitundu imasiyana?

Chingerezi chili ndi liwu lapadera la nyama yomwe munthu amasunga pongoikonda, yosadyedwa ndi yosagwira ntchito. Chichewa chilibe: ng'ombe, nkhumba, galu ndi mphaka zonse ndi ziweto. Komanso m'Chichewa dzina la galu ndi mwano. Kumunena munthu kuti ndi galu kungayambitse ndewu. Mphaka naye, makamaka wakuda, ena amamuganizira za ufiti, ndipo amphaka ambiri agendedwa popanda mlandu chifukwa cha mantha amenewa, omwe Mkhristu sayenera kukhala nawo. Achisilamu ambiri amalola galu wolondera kapena wosaka koma samulowetsa m'nyumba, pomwe mphaka amamulandira bwino. Aejipito akale adafika pomalemekeza amphaka ngati nyama zopatulika. Ku South Korea, komwe anthu ena akhala akudya nyama ya galu, nyumba ya malamulo idavomereza mu Januwale 2024 lamulo lothetsa malonda amenewa, chifukwa mibadwo yatsopano ikuona galu mosiyana ndi agogo awo.

Malembo Oyera nawo sakometsera galu. Nthawi zambiri amamutchula ngati nyama yoyendayenda m'misewu ndi kudya zakufa. Komabe m'Buku la Tobiti muli galu amene adatsagana ndi mnyamata Tobiasi ndi mngelo Rafaele pa ulendo wawo wautali, napita n'kubwera nawo. Ndipo mu Mateyo 15, mayi wa ku Kanani adapambana pokambirana ndi Ambuye Yesu pokumbutsa za tiagalu tomwe timatola nyenyeswa pansi pa tebulo la mbuye wawo, kusonyeza kuti ngakhale nthawi imeneyo agalu ena ankakhala m'nyumba.

Azungu nawo sadabadwe akugona ndi agalu pabedi. Zaka 200 zapitazo ku England anthu ankalipira ndalama kuti aonere agalu akulumana ndi ng'ombe yamphongo yomangidwa. Lamulo loletsa kuzunza ng'ombe ndi akavalo lidakhazikitsidwa kumeneko mu 1822, ndipo bungwe loteteza nyama lomwe lero limatchedwa RSPCA lidayamba mu 1824. Zinthu zidasintha pang'onopang'ono. Anthu adasamukira m'mizinda n'kusiyana ndi makola, mabanja adayamba kuchepa, okalamba ambiri adayamba kukhala okha. Mu 1885 Louis Pasteur adapulumutsa mnyamata Joseph Meister ndi katemera wa chiwewe, ndipo m'kupita kwa zaka maiko a kumadzulo kwa Ulaya adathetsa chiwewe cha agalu. Mayi wa ku London amene amalola galu kunyambita mwana wake alibe mantha omwe mayi wa ku Machinjiri ali nawo, ndipo mantha a mayi wa ku Machinjiriyo ali ndi maziko.

Izi zikusonyeza kuti kusiyanaku gwero lake si khungu kapena kuti mtundu wina uli ndi mtima wabwino kuposa unzake. Gwero lake ndi umo anthu akukhalira: chakudya chomwe chilipo, matenda omwe akuwaopseza, ndi kuchuluka kwa abale omwe ali nawo pafupi. Ndipo moyo wa ku Blantyre ukusintha. M'masitolo akuluakulu muli matumba a chakudya cha agalu, m'mbali mwa misewu anyamata amanyamula tiana ta agalu kuonetsa oyenda pa galimoto, ndipo m'nyumba zalendi muli anthu ambiri okhala okha, kutali ndi kwawo. Funso lomwe dzulo linkaoneka la azungu lero lafika pa Nancholi.

Zomwe Mpingo umaphunzitsa

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amakamba za nyama m'ndime 2415 mpaka 2418, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chiwiri, loletsa kuba. Malo amenewa ali ndi tanthauzo: nyama ndi za Mulungu, ndipo munthu adangosungitsidwa. Chiphunzitsochi chimati nyama ndi zolengedwa zomwe Mulungu amazisamalira, kotero munthu ayenera kuzichitira chifundo, potengera chitsanzo cha Francis Woyera wa ku Assisi ndi Philip Neri Woyera. Chimalola kudya nyama, kuzigwiritsa ntchito, ngakhalenso kuziweta pofuna kusangalala nazo. Koma ndime yomaliza ili ndi machenjezo awiri oikidwa pamodzi. Loyamba ndi lakuti kuzunza nyama kapena kuipha popanda chifukwa kumatsitsa ulemerero wa munthu amene akuchitayo. Lachiwiri ndi lakuti n'kosayenera kuwonongera nyama ndalama zomwe zikadayamba zathandiza anthu ovutika, kapena kuipatsa nyama chikondi chomwe ndi cha anthu okha.

Chenjezo loyamba likukhudza munthu woseka azungu uja. Buku la Miyambo 12:10 limayesa chilungamo cha munthu poona umo amasamalira chiweto chake. Lamulo la Mose lidalamula kuti ng'ombe ndi bulu nazo zizipuma pa Sabata. Mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide, adasimba za munthu wosauka amene adali ndi kankhosa kamodzi kokha, komwe kankadya naye, kumwera m'chikho chake ndi kugona pachifuwa pake ngati mwana wake wamkazi. Natani sadamuseke munthuyo. Woipa m'fanizolo ndi wolemera amene adalanda kankhosako n'kukapha. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adakumbutsa kuti munthu ali ndi mtima umodzi wokha, ndipo nkhanza zomwe amachitira nyama sizichedwa kuonekera pa anthu anzake. Mwana amene akuluakulu amamuchemerera akamagenda galu akuphunzira kuti chofooka chilibe mwini.

Chenjezo lachiwiri likukhudza wokonda galu mopyola muyeso. Mu 2023 anthu a ku America adagwiritsa ntchito madola pafupifupi 147 biliyoni pa ziweto zawo za m'nyumba, ndalama zoposa kakhumi chuma chonse chomwe dziko la Malawi lidapanga m'chaka chimenecho. Dandaulo lotere ndi lakale: wolemba mbiri Plutarch adasimba kuti Kaisara, ataona alendo olemera ku Roma akuyenda atafungatira tiagalu ndi tianyani, adafunsa ngati akazi a kwawo sabereka ana. Pa 5 Januwale 2022, pophunzitsa za Yosefe Woyera amene adalera mwana wosabereka yekha, Papa Francis adadandaula kuti mabanja ena akukana ana n'kuika agalu ndi amphaka m'malo mwawo, pomwe ana amasiye ambiri akusowa owalera.

Mawu a Papawa adapweteka anthu ena, ndipo madandaulo awo ndi oyenera kuwamvetsera. Alipo mabanja omwe akhala akupempha mwana kwa zaka zambiri osamupeza. Alipo amayi amasiye omwe ana awo onse ali kutali, ndipo mphaka ndiye cholengedwa chokha chomwe amalankhula nacho tsiku lonse. Anthu otere sadakane munthu aliyense. Gogo akamacheza ndi mphaka chifukwa palibe womuyendera, mlandu uli kwa ana ake ndi kwa akhristu a mumphakati mwake, osati kwa iye kapena kwa mphakayo. Chomwe Mpingo ukuchenjeza ndi mtima wosankha nyama pothawa anthu, poti nyama siyitsutsa, siyipempha fizi, ndipo siyifuna kupepesedwa.

Kuti chikondi cha pa nyama ndi cha pa anthu sizilimbana, umboni wake ndi Martin de Porres Woyera, mbulazala wa chipani cha Adominikani amene adakhala ku Lima, ku Peru, kuyambira 1579 mpaka 1639, mwana wa mayi wochokera ku mtundu wa anthu akuda. Iye ankasamalira odwala, akapolo ndi ana amasiye, ndipo pa nthawi yomweyo ankatola agalu ndi amphaka osowa kwawo n'kukawasunga kunyumba ya mlongo wake. Mtima wake udali ndi malo a onse, koma aliyense pamalo pake.

Amalipira ndani?

Mfundo zonsezi zimamveka bwino, koma munthu wa ku Nancholi akufuna muyeso woti agwiritse ntchito pakhomo pake. Muyeso wake ndi funso limodzi: pa kawetedwe ka chiweto ichi, amalipira ndani?

Galu wosasamalidwa amalipiritsa mwana wa mnansi. Matenda a chiwewe amayamba ndi kachilombo komwe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala, kamayenda m'mitsempha pang'onopang'ono mpaka kukafika ku ubongo, nthawi zina patapita masabata kapena miyezi, balalo litapola kale ndipo aliyense ataiwala. Zizindikiro zikayamba, monga kusokonezeka mutu ndi kuopa madzi, pafupifupi palibe amene amachira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi matendawa chaka chilichonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia. Pafupifupi onsewo amawatenga kwa agalu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndi aafupi moti amalumidwa kumaso ndi kukhosi, ndipo nthawi zambiri amabisa balalo poopa kukalipiridwa.

Mzinda wa Blantyre ukuwadziwa bwino matendawa. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth, wotsogozedwa ndi Dr Macpherson Mallewa ndipo adasindikizidwa mu 2007, adapeza kuti mwa ana 26 omwe adamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo, atatu adali ndi chiwewe. Mu 2012 madokotala a pachipatala chomwechi adachenjeza kuti ana obwera ndi chiwewe akuchuluka. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto ndi bungwe la Blantyre SPCA, lidayamba kubaya agalu katemera waulere mumzinda muno. Pa masiku 20 okha adabaya agalu oposa 35,000, ena pa masukulu ndi pa mabwalo, ena poyenda khomo ndi khomo. M'zaka zotsatira, ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe adachepa kwambiri.

Ntchito imeneyi idaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, agalu ambiri omwe anthu amati ndi osokera adapezeka kuti ali ndi eni ake. Ndi agalu a pakhomo omwe amangomasulidwa kuti akadzifunire okha chakudya kudzala. Chachiwiri, ambiri mwa omwe ankakoka agalu ndi zingwe kupita nawo ku katemera adali ana. Mwana amatha kumugwira galu chifukwa galuyo amamudziwa. Galu amene amangoona mwala ndi ndodo sagwirika, choncho sabayidwa, ndipo ndi yemweyo amene tsiku lina adzaluma mwana wopita kusukulu. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, chiwewe chimaleka kufala. Apa chifundo pa galu ndi chitetezo cha mwana zakhala chinthu chimodzi.

Zimodzimodzinso ndi galu amene amatsekeredwa tsiku lonse m'kakhola kamdima, kapena kumangidwa pa tcheni chachifupi padzuwa popanda madzi, ati kuti akhale wolusa. Galu wotere sasiyanitsa mbava ndi mayi wopita kumsika m'bandakucha. Akadumpha mpanda, amene amakagona kuchipatala si mwini wake.

Mbali inayo, galu wolemekezedwa mopyola muyeso amalipiritsa wantchito. Anthu ambiri a ku Nancholi, Chilomoni ndi Zingwangwa amagwira ntchito za ulonda, za m'nyumba ndi za m'maluwa m'mipanda ya anthu opeza bwino. Iwo ndiwo angafotokoze bwino za makomo komwe galu amaphikiridwa nyama tsiku ndi tsiku pomwe womuphikirayo amadya nsima ya bonya, komwe galu akatsokomola amathamangira naye kwa dokotala pa galimoto pomwe mlonda akadwala malungo amadulidwa malipiro. Eni makomo otere si azungu okha. Ambiri ndi Amalawi, ndipo ena ndi akhristu. Mu Luka 16, Lazaro adagona pachipata cha munthu wolemera, ndipo omwe adaona zilonda zake adali agalu. Wolemerayo sadaweruzidwe chifukwa chokhala ndi chuma kapena agalu. Adaweruzidwa chifukwa munthu adali pakhomo pake tsiku ndi tsiku koma iye osamuona.

Wina anganene kuti ndalama ndi zake, ndipo ngakhale ataleka kugulira galu nyama sizitanthauza kuti osauka onse akhuta. N'zoona, ndipo Mpingo sukunena kuti galu afe ndi njala kufikira umphawi utatha m'Malawi. Ukunena za anthu omwe Mulungu waika pafupi: wantchito, mayi wobereka ali kumudzi, mwana wa malemu achimwene amene wabwezedwa kusukulu. Ngati ndalama za galu zimapezeka mwezi uliwonse koma za anthu awa zimapezeka mwa apo ndi apo, dongosolo lasokonekera.

Winanso anganene kuti iye ndi wosauka, ana ake omwe sakukhuta, nanga galu amudyetsa chiyani? Funsoli ndi lolemera. Komatu zambiri zomwe galu amafuna sizilira ndalama: madzi m'mbale, mthunzi, madeya ophika ndi zotsala za pamphika, kumuchotsa nkhupakupa, ndi kupita naye ku katemera akalengeza. Ndipo amene sangathe ngakhale izi ali ndi ufulu wosaweta. Walira mvula walira matope. Kusakhala ndi galu si tchimo. Tchimo ndi kumutenga, kudya phindu la ulonda wake, n'kusiyira anansi mavuto ake.

Pangano la ku Gubbio

Tsiku la 28 Seputembala ndi lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe pa dziko lonse, ndipo ndi tsiku lomwe Pasteur adamwalira mu 1895. Patangopita masiku 6, pa 4 Okutobala, Mpingo umachita chikondwerero cha Francis Woyera wa ku Assisi, ndipo m'maparishi ambiri pa dziko lapansi ansembe amadalitsa ziweto. Masiku awiriwa akuyenera kuyendera limodzi. Madzi odalitsa salowa m'malo mwa jakisoni.

Pali nkhani yakale yomwe imasimbidwa za Francis Woyera ndi mudzi wa Gubbio ku Italy. Mmbulu wolusa unkagwira ziweto ndi anthu, moti aliyense ankaopa kutuluka kunja kwa linga. Francis adapita kukakumana nawo, ndipo adazindikira kuti chomwe chinkauchititsa zimenezi ndi njala. Sadautengere m'nyumba, komanso sadalole kuti anthu auphe. Adapangitsa pangano: anthu a m'mudzimo aziudyetsa, iwo uleke kuvulaza aliyense. Akuti mmbuluwo udakhala zaka ziwiri ukuyenda khomo ndi khomo mwamtendere, ndipo utafa ndi ukalamba anthu adaumva chisoni.

Pangano lotere ndi lomwe likufunika m'makwalala a Nancholi, ndipo miphakati ingathe kulitsogolera. Woweta galu amudyetse, amupatse madzi, apite naye ku katemera chaka ndi chaka n'kusunga chiphaso chake, ndipo asamusiye kuti azingoyendayenda. Galu akachulutsa ana, mwini wake afunse a zaziweto za njira yoletsa kubereka m'malo motaya tianato kumtsinje. Makolo aphunzitse ana kuti asagende kapena kuputa galu, ndiponso kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga popanda kuopa chikwapu. Balalo litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo apenge. Mwini galu woluma asabisale kapena kuyamba mkangano. Aonetse chiphaso cha katemera ndipo athandize banja lovulalalo. Amene ali ndi wantchito ayerekeze zomwe amawononga pa galu ndi zomwe amalipira munthu, kenako akonze pomwe papendekeka. Ndipo akhristu omwe akudziwa gogo wokhala ndi mphaka yekha m'nyumba, asamunong'oneze za ufiti. Apite akamuone sabata ino.